Makina Ophunzira Powerenga

Kale kompyuta inkadziwa zokhazo zimene munthu waiuza. M'caka ca 2010, pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, Tom Mitchell ndi anzake anapanga pulogalamu ya kompyuta, dzina lake NELL. Usana ndi usiku inkawerenga zolembedwa pa intaneti, n'kumatola mfundo: uwu ndi mzinda, ici ndi comera, uyu ndi munthu. Ikalakwa, anthu ankaiwongolera. Koma inkawerenga makamaka Cingerezi.

M'caka ca 2014, Google Translate inayamba kumasulira cinenero cathu. Nayonso imaphunzira pa zimene anthu analemba.

Za kwathu ku Mongue zolembedwa n'zocepa. Maina a mitsinje, mbiri ya mafumu, kalimidwe ka nandolo: tikapanda kuzilemba ife, makina sadzazidziwa. Adzukulu athu akadzawafunsa, sadzapeza yankho. Tiyeni tilembe.