Masamu M'sukulu za ku Chintheche

Masamu asanakhale phunziro loopsa ana, anthu a ku Chintheche ankawaona ngati chuma. M'chaka cha 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear n'kukaikhazika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche. Atonga anailandira sukulu ndi manja aŵiri. Mnyamata wodziŵa kuŵerenga, kulemba ndi kuonkhetsa ankapeza ntchito ya ukapitao kapena ukalaliki ku kampani ya African Lakes, ndipo pambuyo pake ku Harare ndi ku Joni. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anabadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe komweko. Nawonso msonkho wa nyumba, umene anthu ankapereka pa boma la Chintheche, unaphunzitsa makolo kuti munthu wosadziŵa kuŵerenga ndalama savuta kumubera.

Mpingo wa Katolika unafika mochedwa kumpoto. Ansembe a chipani cha Montfort anayamba ntchito ku Nzama mu 1901, a White Fathers ku Mua mu 1902, koma mishoni yoyamba ya m'chigawo chakumpoto inatsegulidwa ku Katete, m'boma la Mzimba, mu 1938. Dayosizi ya Mzuzu, m'mene muli boma la Nkhata Bay, inakhazikitsidwa mu 1961. Choncho sukulu za Akatolika zinafika pakati pa anthu amene anali atazoloŵera kale sukulu kwa zaka zoposa makumi asanu. Makolo otere sakanakhutira ndi katekisimu yekha; ankafuna kuona mwana akutha samu.

Nanga mantha anachokera kuti? Mbali ina anachokera m'ndalama zenizenizo. Makobiri 12 ankapanga sileni imodzi, ndipo masileni 20 ankapanga paundi. Mwana akapatsidwa masileni 7 ndi makobiri 9 kuti aphatikize ndi masileni 5 ndi makobiri 8, ankayamba wapeza makobiri 17, n'kuchotsapo 12 kuti apange sileni, ndipo yankho linkakhala masileni 13 ndi makobiri 5. Wongoiŵala pang'ono n'kunyamula pa 10 m'malo mwa 12, samu yonse inkagwa. Mbali ina inali kaphunzitsidwe. M'sukulu za mipingo yonse ana ankaloŵeza matebulo moimba, ndipo wophonya ankalaŵa mkwapulo. Ambiri anatuluka m'kalasi akukhulupirira kuti masamu ndi a anthu oŵerengeka obadwa nawo, makamaka anyamata. Chikhulupiriro chimenechi chinaononga ana ambiri kuposa mkwapulowo, pakuti chinkapita ndi mwana mpaka kunyumba, iye n'kudzachisiyiranso ana ake.

Mu 1971 dziko la Malaŵi linasiya mapaundi n'kuyamba kwacha ndi tambala. Paundi inasanduka K2, sileni n'kukhala matambala 10. Kwa mphunzitsi wa masamu uku kunali kutula katundu wolemera, chifukwa tsopano ndalama zinkayenda m'makumi monga manambala ena onse. Komabe mwana wa Chitonga anali ndi phiri lina. Kuyambira mu 1968 Chicheŵa ndicho chinali chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi oyamba, kotero iye ankalimbana ndi mawu oti kuchotsera ndi kugaŵa asanalimbane ndi nambala. Ndipo pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anasefukira m'makalasi. Mphunzitsi mmodzi sakanatha kuona sileti kapena kope la aliyense.

Pa nthaŵi imeneyo sukulu za mipingo zinali kale m'dongosolo limene mpingo ndiwo mwini sukulu, koma boma ndilo limalipira aphunzitsi ndi kukonza silabasi. Mabuku anali amodzimodzi dziko lonse. Chimene chinatsala m'manja mwa sisitere, bulazala kapena mphunzitsi wamba ndicho mtima wa mwanayo, ndipo pa ichi chiphunzitso cha mpingo choti mwana aliyense ali ndi mphatso yochokera kwa Mulungu chinali chosemphana ndi kutcha mwana mbuli. Bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi linalimbikitsa njira yotchedwa TALULAR, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo: miyala, timitengo, zitsekerero za mabotolo.

Njira imeneyi ikuyenera Chintheche kuposa madera ambiri. Mwana amene amagwa masamu m'kalasi ndi yemweyo amene m'maŵa amaunjika usipa m'miyulu yofanana, kubweza chenje osaphonya, ndi kuonerera asodzi a chilimira akugaŵana ndalama atachotsa za mafuta ndi za mwini ukonde. Madzulo amakhala pa bawo, la maenje 32 ndi nkhomo 64, n'kumaŵerengeratu mumtima pamene nkhomo yomaliza ikagwere. Mphunzitsi woyambira pa miyulu ya usipa pophunzitsa kuchulukitsa amapeza kuti theka la ntchito linachitika kale kudooko, ndipo chotsalira ndi kumuonetsa mwanayo kalembedwe kake pabolodi.