Msonkho wotsika wa VAT pogawa nyumba imodzi kukhala mafulati ku Britain

Ku United Kingdom, munthu amene akugawa nyumba ya banja limodzi kuti mutuluke mafulati awiri kapena kuposerapo amalipira msonkho wa VAT wa 5 peresenti pa ntchito ya mmisiri, m'malo mwa 20 peresenti imene imalipiridwa pa ntchito wamba yokonza nyumba. Msonkho wa VAT unayamba m'dzikolo mu 1973, ndipo mlingo wa 20 peresenti wakhalapo kuyambira mu Januwale 2011. Wotsikawu unakhazikitsidwa mu 2001, nthawi imene Gordon Brown anali nduna ya zachuma, pofuna kuti nyumba zakale zigwiritsidwe ntchito mokwanira ndiponso kuti malo okhala achuluke m'mizinda. Lamulo lake lili mu Value Added Tax Act 1994, Schedule 7A, Group 6, ndipo bungwe lotolera misonkho la HMRC limalifotokoza mu chikalata chotchedwa VAT Notice 708.

Phindu lake si lochepa. Ngati kontilakitala watchaja mapaundi 100,000, msonkho wa 20 peresenti ndi mapaundi 20,000, pamene wa 5 peresenti ndi mapaundi 5,000 okha.

Chimene lamulo limawerenga

Lamuloli silifunsa kukula kwa ntchito kapena ndalama zimene zalowa. Limafunsa chinthu chimodzi: kodi chiwerengero cha nyumba zodziimira pazokha chasintha ntchito itatha? Nyumba imodzi ikasanduka mafulati atatu, chasintha. Mafulati awiri akaphatikizidwa kukhala nyumba imodzi, chasinthanso, ndipo 5 peresenti imagwira ntchito chimodzimodzi. Koma amene wangowonjezera zipinda, kukweza denga kapena kukonza khitchini, nyumba n'kukhalabe imodzi, amalipira 20 peresenti yonse. Mu nyumba yosanja yokhala ndi mafulati ambiri, chigawo chilichonse chimawerengedwa pachokha. Ngati mafulati a pansi agawidwa koma a pamwamba angokonzedwa osasintha chiwerengero, ntchito ya pamwambayo simalowa mu msonkho wotsika.

Nkhani imakula pa tanthauzo la nyumba yodziimira payokha. Fulati iliyonse iyenera kukhala ndi zonse zofunika pa banja limodzi, monga pogona, pophikira ndi posambira. Pasakhale chitseko cham'kati cholowera mwachindunji mu fulati ina. Chachitatu, chimene chimagwetsa ambiri, n'chakuti pasakhale lamulo, pangano kapena mfundo ya m'chilolezo cha khonsolo yoletsa kuti fulatiyo igwiritsidwe ntchito kapena kugulitsidwa payokha. N'chifukwa chake kanyumba kamene banja lapatulira agogo m'mbali mwa nyumba yaikulu kawirikawiri sikawerengedwa, chifukwa makhonsolo ambiri amalola ntchito yotere pokhapokha kanyumbako kakhale mbali ya nyumba yaikuluyo. Kwa mabanja amene cholinga chawo ndi kusunga makolo pafupi, mfundo imeneyi ndi yowawa ndithu, pakuti iwo amalipira msonkho wonse pamene wogawa nyumba kuti achititse lendi amapeputsiridwa. Pamwamba pa izi, ngati ntchitoyo ikufuna chilolezo cha mapulani kapena chivomerezo cha oyendera zomangamanga, ziyenera kukhala zitaperekedwa.

Ntchito zolowa ndi zosalowa

Mlingo wa 5 peresenti umakhudza ntchito ya pa nyumba penipeni: kumanga ndi kugumula makoma, denga, mazenera, mawaya a magetsi, mapaipi a madzi ndi gasi, zotenthetsera nyumba ndi ngalande za madzi oipa. Garaja imalowanso ngati yamangidwa nthawi yomweyo kuti igwiritsidwe ntchito ndi okhala m'mafulatiwo. Amisiri olembedwa ganyu ndi kontilakitala wamkulu nawonso angathe kutchaja 5 peresenti.

Zipangizo zomangira zimatsika msonkho pokhapokha zikabwera ndi mmisiri yemweyo amene akuziika. Mwini nyumba akapita yekha ku sitolo kukagula njerwa, matabwa kapena matailosi, amalipira 20 peresenti ndipo ndalamayo sibwerera. Pamenepa chizolowezi chodzigulira zipangizo n'kulipira mmisiri za manja ake okha chimaluzitsa. Malipiro a wojambula mapulani ndi akatswiri ena olembedwa padera amakhala pa 20 peresenti, chimodzimodzi makapeti, mipando ndi makabati omangirira kukhoma kupatula a kukhitchini, zipangizo zambiri za magetsi monga firiji, kubwereka makina ndi kukongoletsa pabwalo.

Mmene msonkhowu umalipiridwira

Palibe fomu imene mwini nyumba amatumiza ku boma kuti abwezeredwe ndalama. Mmisiri wolembetsa VAT ndiye amalemba 5 peresenti pa invoisi yake, ndipo iyeyo ndi amene amayankha kwa HMRC ngati walakwitsa. Chifukwa cha mantha amenewa, komanso kusadziwa lamulo, amisiri ena amangotchaja 20 peresenti. Zikatero HMRC simubwezera mwini nyumba. Iye ayenera kubwerera kwa mmisiriyo kuti akonze invoisi, ndipo nthawi yokonzera zolakwika za VAT simapitirira zaka zinayi. Mmisiri wamng'ono amene malonda ake safika mapaundi 90,000 pa chaka, malire amene anayamba mu Epulo 2024, sakakamizidwa kulembetsa VAT. Iye satchaja msonkhowu pa ntchito yake, koma 20 peresenti ya pa zipangizo imakhala itabisala mu mtengo wake.

Kuchititsa lendi nyumba yokhalamo kulibe VAT, ndipo kugulitsa mafulati ochokera m'nyumba imene munkakhala anthu kale nthawi zambiri kulibenso VAT. Tanthauzo lake n'lakuti mwini wake sangaitanitse msonkho umene analipira pomanga. Ndondomeko yobwezera VAT kwa odzimangira okha nyumba nayo sikhudza ntchito imeneyi, pokhapokha nyumbayo itakhala yopanda anthu kwa zaka 10 kapena kuposerapo.

Malamulo oyandikana nawo

Mlingo womwewu wa 5 peresenti umaperekedwa posandutsa nyumba kukhala ya zipinda za lendi zogawana khitchini ndi bafa, posandutsa ofesi kapena sitolo kukhala malo okhala, ndiponso pokonza nyumba imene yakhala yopanda anthu kwa zaka ziwiri, malire amene anatsitsidwa kuchoka pa zaka zitatu mu Januwale 2008. Kumanga nyumba yatsopano kuchokera pa maziko kuli pa 0 peresenti.

Amene ali ndi nyumba ku Britain ndipo akufuna kuigawa awerenge mfundo zonse za m'chilolezo cha khonsolo, agwirizane ndi mmisiri za 5 peresenti polemba ntchito isanayambe, ndipo asunge mapulani osonyeza chiwerengero cha nyumba poyamba ndi pomaliza.