Positi inanyamula ndalama, voti inatsala

Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika pa chipata cha Mwami ndi kamtunda kochepa, ndipo kutsidyako, ku Chipata, anthu amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi. Koma likafika tsiku la chisankho malire amenewa amasanduka linga. Mmalawi amene tsikulo lam'peza kunja, kaya ku Chipata, kaya ku Joni, alibe njira yotumizira voti yake. Lamulo lathu limafuna mwini wake afike yekha pomwe analembetsa, chala chiviikidwe mu inki.

Chodabwitsa n'chakuti mtundu wathu unakulira pa positi. Azibambo amene anapita ku migodi ndi Wenela, ndi aja anakagwira ntchito ku Halale, ankasunga mabanja awo ndi makalata ndi timaphukusi. Ndalama ya msonkho inkadzera momwemo. Boma linkailandira ndi manja awiri, koma maganizo a woitumizayo silinkawafunsa.

Pa chisankho cha 1961, Mchinji idakali Fort Manning, funso linali lina: kodi umapeza zingati, uli ndi katundu wanji, umadziwa kulemba? Ovota anagawidwa m'kaundula wapamwamba ndi wapansi. Kenaka mu 1966 kunabwera chipani chimodzi, ndipo kukhala kunja kwa dziko kunayamba kununkha kuukira. Orton Chirwa, amene anayambitsa nawo Malawi Congress Party mu 1959, anagwidwa ndi mkazi wake Vera m'dera la malire omwe ano mu Disembala 1981. Anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Pa 14 Juni 1993, pamene anthu ankasankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, ambiri mwa othawa ndale anali adakali kunja, chifukwa chikhululukiro chinadza riferendamu itatha. Amene anavutikira matipate ku Lusaka anangomvera zotsatira pa wayilesi.

Malamulo a 1994 anatsegula khomo ndithu. Ndime 77 inati aliyense wa zaka 18 avote komwe amakhala, komwe anabadwira kapena komwe amagwira ntchito. Inalolanso mlendo amene wakhala muno zaka 7. Taonani bwino apa, abale: Mzambiya wokhazikika kwa Mkanda anaganiziridwa, koma mwana wa kwa Mkanda wokhala ku Johannesburg anangouzidwa kuti akwere basi.

Kwina zinayenda mosiyana. Britain inalola asilikali ake kuvota pa positi mu 1918. Zimbabwe imalola, koma makamaka kwa antchito a boma otumidwa kunja ndi amuna kapena akazi awo. Wogulitsa malonda alibe mwayiwo. Mozambique inayamba kuvotetsa nzika zake zakunja mu 2004, ndipo inazipatsa mipando iwiri m'nyumba ya malamulo, moti mbadwa ya ku Tete imavota ili muno m'Malawi.

Otsutsa amati kalata ingabedwe, ndipo pa malire ngati a Mchinji, pomwe munda uli uku nyumba ili uko, n'kovuta kudziwa nzika. Mantha amenewo si achabe, koma tsopano kulembetsa kumadalira chiphaso cha unzika. Mu 2018 aphungu anavomereza unzika wa mayiko awiri. Komabe pa 16 Seputembala 2025 amatchona anavota okhawo amene anali ndi ndalama ya ulendo kawiri, wokalembetsa ndi wokaponya.