Masitampa a Dziko Lomwe Kulibenso

Mwezi watha mchemwali wanga ananditumizira kabokosi kuno ku Johannesburg. Munali makalata amene amalume ankalembera mayi anga kwathu ku Angonia. Sitampa iliyonse inali ndi zilembo zitatu: DDR.

Ana anga anafunsa kuti DDR ndi kuti. Ndinawauza kuti ndi East Germany, dziko lachikomyunizimu lomwe linakhazikitsidwa pa 7 October 1949. Mu 1979 linasainirana pangano ndi Mozambique, ndipo anyamata ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a kumeneko. Amalume anali mmodzi wa iwo.

Masitampa a dzikoli ankalankhula ndale. Ena mwa oyambirira ankaonetsa nkhope ya Wilhelm Pieck, pulezidenti woyamba, kenaka mu 1961 kunabwera a Walter Ulbricht. Mu 1986 anatulutsa sitampa yokumbukira kuti khoma la Berlin latha zaka 25, ndipo a positi a ku West Germany ankabweza makalata omatidwa sitampa imeneyi. Komanso apolisi achinsinsi a Stasi anali ndi nthambi yawo, Abteilung M, yotsegula ndi kuwerenga makalata a anthu. Mwina n'chifukwa chake amalume ankangolemba za kuzizira ndi kusowa kwa nsima basi!

Chidindo cha pa maenvulopu chimati Karl-Marx-Stadt. Mukafufuza dzinali pa mapu lero simulipeza, chifukwa mu 1990 mzindawu unabwerera ku dzina lake lakale la Chemnitz. Mu July chaka chomwecho ndalama ya ku West Germany inayamba kugwira ntchito kum'mawa, ndipo masitampa atsopano anasiya kulembedwa DDR, n'kumangoti Deutsche Post. Pa 3 October 1990 mayiko awiriwa anaphatikizana, DDR n'kutha.

Mafakitale atayamba kutsekedwa, amalume anabwerera kumudzi ngati anzawo ambiri, aja amatchedwa Madgermanes. Anamwalira akudikirabe gawo la malipiro lomwe anauzidwa kuti akalipeza kwawo.

Nthawi ya nkhondo, pothawira ku Dedza, mayi anasiya mbale ndi zofunda koma makalatawa anawamanga m'chitenje. Ine lero ndimangotumiza mauthenga pa WhatsApp, foni ikatayika zonse zapita. Ndiye ngati muli ndi makalata akale m'sutikesi, chonde musawataye kapena kumatula masitampa ake. Sungani envulopu yonse, chifukwa chidindo ndicho chimanena tsiku ndi malo kumene m'bale wanu anali.