Tsobola wakale sawawa? Mkangano wa hip-hop umene tinaupeza pakati

Loweruka lapitali ndinapita kukametetsa pa Goliati, ndipo ndinapeza mkangano utapsa kale. Anali masiku a malipiro kumaesiteti a tiyi, ndiye mubabashopu munali modzaza, ena atakhala pabenchi panja. Wometa, mnyamata wa zaka mwina 20, anali akuwomba nyimbo za Gwamba. Mkulu wina wakabaza anapukusa mutu. "Mafana inu hip-hop simuyidziwa. Third Eye mukumudziwa inu? Nanga Real Elements?" Wometa uja anaseka osasiya kumeta. "Akulu, amenewo anatha. Tsobola wakale sawawa." Wina anaponyapo Fredokiss, wina Martse, wina Phyzix, aliyense ndi dolo wake.

Itafika nthawi yanga yokhala pampando ndinafunsa funso limodzi: mwa tonse tili muno, ndani anamverapo chimbale cha hip-hop ya pa Malawi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza? Kunali zii. Ngakhale ine mwini funso, zimbale zimene ndinamvera zonse ndinakazimvera kukoleji, osati kuno kwa Chimaliro. Ndakhala ndikuganizira chete ameneyu sabata yonse, ndipo ndaona kuti ali ndi mbiri yake.

Mkangano woyika zimbale pasikelo sunabadwire kuno. Ku America kunali magazini yotchedwa The Source, imene inkapereka mamaikolofoni kwa chimbale chilichonse, apamwamba kwambiri kukhala asanu. Mu April 1994 Nas anatulutsa Illmatic, ndipo inapatsidwa onse asanu. Mwezi wotsatira, pa 17 May, ife tinali pamzere kuvota pachisankho chimene chinachotsa Kamuzu pampando. Iwo akuwerenga mamaikolofoni, ife tinali ndi wailesi imodzi yokha, MBC, tilibe kanema wathuwathu, ndipo nyimbo iliyonse inkayamba yadutsa m'makutu mwa ounika zoyenera kumveka.

The Source inkalakwitsanso. Reasonable Doubt ya Jay-Z, ya 1996, anayipatsa anayi, ndipo mu 2002 anabweza mawu n'kuyipatsa asanu. Koma taonani ubwino wake: cholakwikacho chinalembedwa, chimbale chinalipo, ndipo aliyense akanatha kuchimveranso n'kutsutsa. Mkangano wawo unali ndi pomangirira.

Kwathu zitseko zinatseguka mochedwa koma motsatizana. MBC Radio 2 inayamba mu 1997, Power 101 mu 1998, kenako Capital FM ndi TVM mu 1999. M'nyengo imeneyi ndi mmene munatulukira Real Elements, gulu la Marvel, Plan B, Stix ndi Q, limene nyimbo zake zinafika mpaka pa Channel O ya ku South Africa. Anali anyamata ophunzira, a m'tauni, ndipo Chingerezi chinkachuluka m'nyimbo zawo. Q ndi Qabaniso Malewezi, amene lero timamudziwa ngati mlakatuli. Stix anadzakhala David Kalilani, woyimba rap yauzimu. Koma funsani: mu 2001 kwa Chimaliro ndi makomo angati anali ndi dishi yoonera Channel O? Makolo athu ankagula makaseti a Lucius Banda ndi Mlaka Maliro. Rap inali ya ana a mabwana.

Inadzatifika itasintha chilankhulo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, Tay Grin anadzitcha Nyau King n'kubweretsa ng'oma ndi zilombo m'mavidiyo ake. Young Kay, amene pano ndi Hyphen, anatulutsa Anankabango. Phyzix anabwera ndi Cholapitsa ndi Chichewa cha m'makwalala. Pambuyo pake Fredokiss anadzitcha Ghetto King Kong n'kumalankhula za ana a ku Ndirande, Gwamba n'kutenga malo ake asanatembenukire kunyimbo zauzimu ndi Jesus Is My Boss. Apa ndi pamene mwana wa wothyola tiyi anayamba kudzimva m'nyimbozi.

Koma zinkafika bwanji? Osati pachimbale. Zinkafika kwa obena nyimbo, anyamata a kompyuta imodzi ndi sipika pakhonde la golosale. Umapereka memori khadi yako ndi kandalama kochepa, iye n'kukuthirira zimene zikuvuta mwezi umenewo: rap, dancehall, kwaya, za ku Zambia, zonse mphika umodzi. Zina tinkatumizirana pa Bluetooth popita kusukulu. Nyimbo zambiri zinalibe ndi dzina lomwe, zinkangolembedwa kuti Track 04. Amene ankasankha zoti timve sanali wounika wa munyuzipepala ayi, anali wobena uja. Iye ndiye anali The Source yathu, kungoti sankalemba kanthu, ndipo kompyuta yake ikagwidwa vairasi, mbiri yonse inkapita pomwepo.

Zimene zinabwera pambuyo pake sizinatseke dzenjelo. Mphoto za UMP zinapatsa oyimba a m'tauni ulemu umene ankausowa, koma mphoto imakuuza amene wapambana chaka chimenecho, siyikuuza chifukwa chake. Pa Mikozi ndi masamba ena a Facebook mkangano umatha ndi kuwerenga amene ali ndi omukonda ambiri. Manyuzipepala amalemba za kukhazikitsa chimbale, nthawi zambiri m'Chingerezi, koma si kawirikawiri kupeza munthu atakhala pansi n'kuunika chimbale cha rap nyimbo ndi nyimbo m'Chichewa, kunena pamene mawu alimba ndi pamene woyimba wangodzaza mzere. Ndiye tikamati wakutiwakuti anatha, timatanthauza chinthu chimodzi basi: sakumveka mwezi uno.

Sikelo imeneyi ndi yabodza, ndipo ife a ku Thyolo tiyenera kudziwa kuposa wina aliyense. Alan Namoko, wosaona wa boma lathu lino, ankayimba ndi banjo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band, m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Anamwalira mu 1995 asanalawe chuma cha luso lake. Palibe anamupatsa mamaikolofoni asanu. Koma lero Lameki ikalira, agogo ndi adzukulu amayidziwa, ndipo zina mwa nyimbo zake zilipo chifukwa panapezeka anthu amene anazijambula n'kuzisunga. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu ambiri ankamutenga ngati wazakale, mpaka pamene Namadingo anayimba naye mu 2020 ndipo Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok, mwini wake ali ndi zaka zoposa 90. Nas yemwe uja analandira Grammy yake yoyamba mu 2021, patatha zaka 27 chitulukireni Illmatic. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Koma kuti akome, ayenera kupeza pogonera.

Apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Martse atamwalira mu May 2022, atapsa ndi moto ku Mangochi, tonse tinathamangira kufunafuna nyimbo zake, ndipo mwamwayi zambiri zinali pa intaneti chifukwa anali wa nyengo ya mafoni. Nanga a nyengo ya makaseti ndi ma CD? Usiku wa Loweruka lomwelo ndinagula bandulo kuti ndimutumizire wometa uja nyimbo za m'nyengo ya Real Elements. Ndinapeza zochepa, zina zosamveka bwino, ngati zojambulidwa pawailesi. Mnyamata uja sanakane nyimbozo atazimva. Anazikana asanazimve, chifukwa panalibe amene akanamupatsa.

Sindikunena kuti aliyense wakale ndi shasha. Ena anathadi, ndipo ena nyimbo zawo tikazimvera lero tikhoza kuchita manyazi kuti tinkazivina. Mwina wometa akulondola. Koma mlandu sagamula mboni zisanafike, ndipo mboni za mlandu uwu zili m'mamemori khadi akufa, m'ma CD okandika ndi m'makompyuta a masitudiyo amene anatsekedwa kale.

Mkulu wakabaza uja anandiuza potuluka kuti kunyumba ali ndi chikwama cha ma CD chimene mkazi wake wakhala akufuna kutaya. Ndamupempha kuti asataye. Loweruka likubwerali ndikupita ndi laputopu kuti tikaone amene akuwerengekabe, ndipo wometa wavomera kuti tikamvetsere chimbale chimodzi chonse mubabashopu, popanda kudumpha nyimbo. Zimene tikagwirizane kapena kukanirana ndidzazilemba pano, nyimbo ndi nyimbo. Ngati nanunso muli ndi chikwama chotere pansi pa bedi, musachitaye kaye.