Digiri ya makatani

Mumzinda wa London, pafupi ndi holo yotchuka ya Royal Albert Hall, muli sukulu yomwe salandira mwana wongochoka kumene ku sekondale. Olowa pakhomo pake amakhala atamaliza kale maphunziro kusukulu ina yaukachenjede, ndipo ena mwa iwo chomwe amadzera ndi za m'kati mwa nyumba: pomwe khomo liyenera kukhala, momwe kuwala kulowere, msinkhu wa tebulo, mpata woti anthu awiri apatukane m'khitchini wina atanyamula poto wamoto. Akamaliza amapatsidwa digiri yachiwiri. Sukuluyi ndi Royal College of Art.

Anthu ambiri amene ndidawafotokozerapo zimenezi amangoseka. Ati digiri yachiwiri ya chiyani, yopachika makatani? Ine sindiwada, pakuti Angerezi eni akewo akhala akuseka chimodzimodzi, mpaka sukuluyo idafika pochita manyazi ndi dzina la maphunziro ake omwe. Koma mukaitsata bwino mbiri yake mupeza kuti maphunzirowa sadabadwire pabalaza pa anthu olemera ayi. Adabadwa kaamba ka nsanje ya pamalonda, ndipo chomwe chidawakhwimitsa ndi nkhondo komanso kusowa kwa matabwa.

Nkhaniyi idayambira ku Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1835. Nthawi imeneyo mafakitale a ku Mangalande ankatulutsa nsalu, mbale ndi zitsulo zochuluka kuposa dziko lina lililonse, koma pa kukongola ankagonja kwa Afalansa. Munthu wofuna nsalu yooneka bwino ankafunsa ya ku Lyon, ndipo eni mafakitale ena ankangokopera zojambula za ku France. Aphungu adakhazikitsa komiti motsogozedwa ndi a William Ewart kuti ifufuze vutoli, ndipo zotsatira zake zidali zakuti mu 1837 boma lidatsegula Government School of Design m'zipinda za ku Somerset House. Cholinga sichidali kusula akatswiri ojambula nkhope za mafumu. Ankafuna amisiri oti akalowe m'fakitale, choncho poyamba ophunzira sankawalola n'komwe kujambula thupi la munthu. Tsiku lonse kudali kukopera masamba, maluwa ndi mizeremizere.

Munthu amene adaigwedeza sukuluyi ndi a Henry Cole, m'modzi mwa okonza chionetsero chachikulu cha mu 1851 ku Hyde Park, chomwe chidakopa anthu okwana 6 miliyoni. Mu 1852 boma lidawapatsa udindo woyang'anira sukulu zamtunduwu, ndipo iwo adachita chinthu chomwe chimandisangalatsa mpaka lero. Ku Marlborough House, komwe sukuluyo idasamukira, adapatula chipinda n'kudzazamo katundu yemwe iwo ankati ngwopangidwa molakwika: makapeti a maluwa ooneka ngati enieni, mapepala omata kukhoma ojambulidwa masiteshoni a sitima, ziwiya zonamizira kukhala chomwe sizili. Pa chilichonse adalembapo cholakwa chake kuti anthu aone ndi kuphunzira kuzida. Tsoka ilo, anthu ambiri obwera kudzaona adazindikira kuti katundu yemweyo ndiye ali m'nyumba zawo, ena adachita kumukonda kuposa wabwinoyo, ndipo eni mafakitale adalusa. Chipindacho sichidakhalitse. A Charles Dickens nawo adaseka maganizo amenewa koyambirira kwa buku lawo la Hard Times la mu 1854, pomwe mkulu wina wa boma akuopseza ana asukulu pa nkhani ya mahatchi a pakhoma ndi maluwa a pakapeti.

A Cole adali munthu wamakani, inde, komatu funso lawo lidali lenileni. Chinthu chikhoza kuwala maso koma chili chachabe, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndani adzaphunzitse wopanga ndi wogula yemwe kusiyanitsa?

Zaka zotsatira sindichedwapo. Sukulu idasamukira ku South Kensington, mu 1896 idapatsidwa dzina la Royal College of Art, ndipo pang'onopang'ono idaiwala chomwe adaikhazikitsira. Idatchuka ndi kusula aphunzitsi a zojambula ndi akatswiri osema monga a Henry Moore ndi mayi Barbara Hepworth, omwe adalowa mu 1921. Za mipando ndi zipinda zidatsalira m'manja mwa eni masitolo ndi okongoletsa nyumba za mabwana.

Kenaka kudabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mabomba a Ajeremani adagumula kapena kuononga nyumba zoposa 1 miliyoni mu London mokha, ndipo sukuluyo idathawira ku Ambleside, tauni yaing'ono ya kumapiri. Banja likapulumuka linkatsala lopanda bedi, lopanda mpando, lopanda kabati. Matabwa ambiri dzikolo linkaitanitsa kunja, koma sitima zinkamizidwa panyanja ndipo ochepa omwe ankafika ankapita ku nkhondo. Mitengo ya katundu wakale idakwera, akathyali adayamba kugulitsa makabati ophatikiza ndi zomatira, opakidwa vanishi wonyezimira, oti pakatha mwezi chitseko chili pansi.

Apa ndi pomwe boma lidalowerera m'njira yomwe lero ambiri sangaikhulupirire. Mu 1942 lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Utility Furniture. Boma lenilenilo lidasankha mapulani a bedi, tebulo, mpando ndi kabati, lidatchula mtundu ndi kuchuluka kwa matabwa ogwiritsa ntchito, n'kuletsa mafakitale kupanga china chilichonse. Katundu aliyense ankadindidwa chizindikiro cha CC41. Sankagula aliyense. Chilolezo chinkaperekedwa makamaka kwa ongokwatirana kumene ndi kwa omwe nyumba zawo zidaphulitsidwa, ndipo munthu ankawerenga makuponi ake, monga tinkachitira ndi a fetereza aja, kuti aone ngati atenge bedi kapena tebulo. Kabuku koyamba ka katunduyu kadatuluka mu 1943, ndipo gulu lojambula mapulani lidatsogozedwa ndi a Gordon Russell, mmisiri wa mipando wa ku Cotswolds.

Taganizani ntchito yomwe anthu amenewa adali nayo. Zosemasema zonse zidaletsedwa. Panalibe pobisala. Mpando ukakhala woipa unkaonekeratu kuti ngwoipa, pakuti chotsala chidali msinkhu wake, kupendekeka kwa msana wake ndi kulimba kwa molumikizira mwake. Anthu ena ankadandaula kuti katunduyo ngwouma ngati wa kundende, ndipo ndondomekoyi itatha mu 1952 ambiri adathamangiranso zonyezimira. Komabe dziko lonse lidali litaona kuti kukonza chipinda cha munthu wamba ndi nkhani ya masamu, ya thupi la munthu ndiponso ya ndalama za boma.

Mu 1946 bungwe la Council of Industrial Design lidakonza chionetsero cha Britain Can Make It ku Victoria and Albert Museum, komwe kudafika anthu oposa 1 miliyoni. Mbali yomwe idakopa khamu idali ya zipinda zoyalidwa kale, chilichonse cholingalira banja lakelake: khitchini ya wogwira ntchito mumgodi, chipinda cha dokotala wachinyamata, ndi zina zotero. Anthu adatuluka akunyogodola kuti dziko lingathe kupanga koma iwo sangathe kugula, popeza katundu wambiri adali wogulitsa kunja.

Mu 1948 sukulu ija idalandira mkulu watsopano, a Robin Darwin, mdzukulutubzi wa a Charles Darwin a sayansi aja. Iwo adaiphwasula n'kuimanganso. Adaigawa m'nthambi, iliyonse ndi ntchito yake, ndipo aphunzitsi adawatenga pakati pa anthu omwe adali pantchito yeniyeni, osati ongodziwa za m'kalasi. Pa nthambi ya za m'kati mwa nyumba adaitana a Hugh Casson, katswiri wojambula mapulani yemwe adatsogolera zomangamanga pa chikondwerero cha Festival of Britain cha mu 1951, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. A Casson adakhala pulofesa wa nthambiyi kuyambira 1953 mpaka 1975.

Bambo ameneyu adali wa m'maphwando, wodziwana ndi akuluakulu, ndipo ndi yemwe adakonza zipinda za sitima yachifumu ya Britannia, Mfumukazi Elizabeth itakana mapulani oyamba ponena kuti ngodzionetsera kwambiri pa nthawi yomwe dziko lidali pa umphawi. Onani kuti ngakhale kunyumba yachifumu mzimu wa makuponi udafika. Koma munthu wotanganidwa chotere sakadakhala m'kalasi tsiku lililonse. Yemwe ankakhala ndi ophunzira adali mkazi wawo, mayi Margaret Casson, wobadwira ku South Africa, nayenso katswiri wa mapulani wophunzira bwino, yemwe adagwira ntchito ngati mphunzitsi wamkulu wa nthambiyi kwa zaka zambiri. M'mabuku dzina la bambo limabwera ndi maudindo ake onse, la mayi limatsatira pambuyo m'chiganizo chimodzi. Ine ndimaona kuti vuto lonse la maphunzirowa lagona pomwepa. Kumanga khoma ankati ndi ntchito ya amuna, zonse zochitika m'kati mwa khomalo ankati ndi za amayi, choncho n'zopepuka.

Chomwe nthambiyi inkalimbana nacho ndi kusiyanitsa anthu awiri. Wokongoletsa amapeza chipinda chilipo kale, iye n'kusankha utoto ndi nsalu. Wokonza amafunsa chifukwa chomwe chipindacho chilili chotero. Amayeza, amajambula pulani, amamanga kachifanizo ka makatoni, amadziwa khoma lomwe lasenza denga ndi lomwe angaligwetse, amadziwa komwe utsi upite ndi komwe anthu athawire moto ukabuka. Ntchito yake ili m'chipatala, m'sitolo, m'sitima ndi m'kalasi, osati pabalaza pokha. N'chifukwa chake maphunzirowa adayenera kukhala a munthu wokhwima kale, yemwe dzanja lake lidazolowera pensulo ndipo tsopano akufuna kuphunzira kufunsa.

Mu 1967 sukuluyi idapatsidwa chikalata chachifumu choipatsa mphamvu za yunivesite, zopereka madigiri akeake apamwamba. Otuluka m'nthambi ija sadakhale opachika makatani. A James Dyson adaphunzira za mipando ndi za m'kati mwa nyumba kuyambira 1966 mpaka 1970, kenaka adatembenukira ku makina, ndipo atayesa maulendo 5,127 adapanga makina opopa fumbi opanda thumba omwe adawalemeretsa. A Ben Kelly, omwe adamaliza mu 1974, adatenga nyumba yakale yogulitsiramo maboti ku Manchester n'kuisandutsa malo ovinira otchedwa Haçienda mu 1982. Sadabise zitsulo ndi nsanamira zake. Adazipaka mizere yakuda ndi yachikasu ngati ya pamsewu, ndipo kalembedwe kameneko kadafalikira m'malo azisangalalo a m'maiko ambiri.

Komabe manyazi aja sadathe. A Casson asadapume n'komwe, dzina la nthambi lidasinthidwa kukhala Environmental Design, lomwe limamveka lolemera koma silinena kanthu. Pambuyo pake maphunzirowa adaphatikizidwa ndi a zomangamanga, ndipo monga zimakhalira mbuzi ikagona khola limodzi ndi ng'ombe, malo ake adacheperachepera. Mudali mu 2012 pomwe dzina la Interior Design lidabwereranso palokha, motsogozedwa ndi a Ab Rogers, mwana wa a Richard Rogers omwe adajambula nawo nyumba ya Pompidou ku Paris.

Chomwe chimandivutitsa maganizo ine si dzina koma mwini chipinda. Mu 1961 komiti ya a Parker Morris idatulutsa lipoti lonena za kukula koyenera kwa nyumba za anthu wamba. Njira yawo idali yomwe ija ya nthawi ya nkhondo: kuwerenga katundu yemwe banja lili naye, kuyeza mpata wofunika kuti munthu akoke mpando, atsegule kabati, adutse ndi mwana kumanja, kenaka n'kupeza kukula kwa nyumba. Pofika 1969 miyeso imeneyi idakhala lamulo pa nyumba zonse zomangidwa ndi makhonsolo. Mu 1980 boma la mayi Margaret Thatcher lidaichotsa, ndipo nyumba zatsopano zidayamba kuchepa. Mwini wamkulu wa ntchito, yemwe kale adali boma m'malo mwa osauka, adasanduka mwini hotela, mwini sitolo ndi mwini banki.

Sukulu nayo idatsata mphepo yomweyo. Maphunziro omwe m'masiku a a Dyson ankatenga zaka 3 kapena kuposerapo adatsika kufika pa 2, ndipo kuyambira 2022 digiri yachiwiri imatha m'chaka chimodzi. Wophunzira wochokera kunja kwa Britain amalipira mapaundi oposa 30,000 pa chakacho, osawerengera lendi ya ku London ndi chakudya. Akamaliza ali ndi ngongole yoti abweze, ndipo banja lokhala m'chipinda chimodzi silingamulembe ntchito.