Carotid, mtsempha wa dzina la tulo

Mukakhudza pang'ono ndi zala ziwiri pambali pa kholingo, mumamva kugunda. Umenewo ndi mtsempha umene madokotala amautcha carotid. Ilipo iwiri, wina kumanja wina kumanzere, ndipo ndiyo imanyamula magazi ambiri opita ku ubongo.

Dzinali lidachokera ku mawu a Chigiriki akuti karos, otanthauza tulo tofa nato. Rufus wa ku Ephesus, sing'anga wa m'zaka za m'ma 100 AD, adafotokoza kuti akale adautcha choncho poona kuti munthu akafinyidwa pamenepo amachita chidima nkukomoka. Adaona zoona. Nchifukwa chake si bwino kufinya mbali zonse ziwiri pamodzi, ngakhale mwamasewera.

Mafuta akamaundana m'kati mwa mtsemphawu, njira ya magazi imachepa mwakachetechete. Fodya, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafulumizitsa vutoli. Kachidutswa ka mafutawo kakabenthuka nkukatseka kamtsempha ka mu ubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Nthawi zina pamayamba chenjezo: diso limodzi kuchita mdima, mkono kufooka, kapena lilime kulemera kwa mphindi zochepa. Ambiri amangoti ndi kutopa, pomwe imeneyo ndiyo nthawi yothamangira kuchipatala.

Sikani ya ultrasound imaonetsa kuti njira yachepa motani. Ambiri amathandizidwa ndi aspirin ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi. Koma njirayo ikatsekeka kuposa 70 peresenti mwa munthu amene waona kale zizindikiro, madokotala amang'amba mtsemphawo nkupala mafutawo, makamaka pasanathe masabata awiri chionekere zizindikirozo.